Mkono unatupa koma vuto lili pa nthiti: zomwe ndadutsamo ndi mmene ndikukonzekera opaleshoni

Abale anga ine ndine mphunzitsi wa ku pulayimale kuno ku Ngabu, mayi wa ana awiri, ndipo mwezi wamawa ndikukalowa ku thiyeta kuti akandichotse nthiti imodzi. Ndikawauza anthu chonchi amadabwa, amati mkono ndi umene ukudwala nde nthiti yalakwa chani. Matenda ake madokotala amati thoracic outlet syndrome, mwachidule TOS, ndipo wanga ndi mtundu uja umagwira mtsempha wa magazi. Ndalemba zonse mmene ndikuzidziwira chifukwa nthawi imene ndinkasakasaka munthu woti andifotokozere mChichewa sindinampeze, komanso mtima wanga ukundiuza kuti kuno kuchigwa alipo ena, odula nzimbe ku Nchalo, opalasa mabwato pa Shire, amayi osenza ndowa tsiku ndi tsiku, amene mkono unawatupapo chonchi nkumangoti ndi kutopa basi.

Zinayamba mu Okutobala, mukudziwa kale mmene Ngabu amaotchera nthawi imeneyo mpaka kupyola madigiri 40. Sabata imeneyo ndinkalembetsa timayeso nde mafunso onse ndimakopera pa bolodi, mkono uli mmwamba kuyambira mmawa mpaka kuweruka, kenako masana ndimapita ku bwalo kukaphunzitsa atsikana mpira wa ntchembere mbaye, ine ndakhala woponyera mu goli kuyambira ku sekondale. Tsiku lina ndikudzuka mkono wamanja ukulemera ngati si wanga, povala bulauzi dzanja lake likukana kulowa. Kutupa kwake sikunali pamalo amodzi ayi, kunayambira paphewa mpaka ku zala, khungu lili gwaa komanso lonyezimira. Mukawerenga pa intaneti amati mkono umasanduka wa buluu, koma pa khungu lathuli simungauone buluu ameneyo, wanga unangoda kuposa unzake, chikhatho ndi zikhadabo ndi zimene zimaoneka zothimbirira ngati pepo. Muziyang'ana pamenepo, ndipo muziyerekeza manja onse awiri pamodzi kunja kowala.

Pa chipatala chaching'ono chimene ndinayambira anati mwina ndi minofu kapena chinachake chinandiluma usiku, anandipatsa bufeni. Kunyumba apongozi anayamba kundithowa ndi madzi otentha nkumandisisita mmawa ndi madzulo, mwachikondi ndithu, ndipo agogo ena apafupi anabwera nati mwananga zimenezi si zachipatala, tikutemere mphini. Panopa ndikudziwa kuti mkati mwa mtsempha munali magazi oundana, ndipo mkono wotero sasisita chifukwa kachidutswa kakhoza kuthothoka nkuyenda ndi magazi mpaka kukatseka m'mapapo. Chonde mkono umodzi ukatupa wonse mwadzidzidzi musalole aliyense kuufinya, olo akhale mayi anu okubalani.

Chimene chinanditsegulira njira ndi timitsempha timene tinayamba kuonekera paphewa ndi pachifuwa mbali yakumanja, tambirimbiri tokhotakhota timene kale kunalibe. A kiliniko ofesa ena ku chipatala cha boma ataona zimenezo anatenga tepi yoyezera, anayeza mkono wamanja kenako wamanzere, analemba manambala onse mkabuku kanga, nkundifunsa kuti mayi mukumva kubanika kapena kupweteka mchifuwa? Nditakana anati tiyamike Mulungu, koma musagonenso kuno, ndikulemberani kalata mupite ku Queens. Tinakwera Thabwa tsiku lomwelo ndi bambo a kunyumba, mkono ndili nditausanjika pa chikwama.

Ku Blantyre anandipanga sikani ya mitsempha ija amati Doppler, amapaka mafuta oterera nkumayendetsa kachipangizo kuyambira pakhosi, pansi pa fupa lopingasa lija mpaka mkhwapa. Amafinya pang'ono, mtsempha wabwinobwino umaphwatalala koma wanga umakana, anandionetsa pa sikirini ndi maso angawa. Anandijambulanso X-ray ya khosi ndi chifuwa, kenako patapita nthawi CT sikani yothira mankhwala mu mtsempha, ina mkono uli pansi ina uli mmwamba.

Adokotala anandifotokozera chonchi, ndipo ndikufuna mumvetse bwino chifukwa apa mpamene pagona nkhani. Gwirani fupa lopingasa lija lili mmunsi mwa khosi kupita kuphewa. Pansi pake pali nthiti yoyamba, yaifupi yokhota, simungaikhudze bwinobwino ndi chala. Pakati pa mafupa awiriwa pali kampata kakang'ono ndipo zinthu zitatu zopita ku mkono zimadutsa chapomwepo, mtsempha wobweretsa magazi kuchokera kumtima, mtsempha wobwezera magazi kumtima, ndi minyewa imene imapangitsa kuti dzanja lizimva komanso kugwira zinthu. Anthu ena kampata kameneka nkothina chibadwire, ena kamathina chifukwa minofu yapakhosi yakula ndi ntchito kapena fupa lija linathyokapo nkulumikizika mokhota. Nde ukamakweza mkono kawirikawiri mafupa aja amapana mtsempha, lero mawa lero mawa, mkati mwake mumachita zipsera, mtsempha umachepa mpaka tsiku lina magazi amangoundana. Timitsempha tapachifuwa tija anati ndi thupi likusaka podutsa, ngati mmene zimakhalira madzi osefukira akadula msewu wa M1, galimoto ndi njinga zonse zimakathithikana mtinjira tammbali, zimadutsa inde koma pang'onopang'ono. Nchifukwa chake mkono ukapuma umaphwerako koma ndikangoyamba kuchapa kapena kusesa umadzadzanso.

TOS ilipo mitundu itatu. Wofala kwambiri, odwala opitirira 90 pa 100 alionse, ndi wopana minyewa, umabweretsa dzanzi ndi kupweteka makamaka ku kachala kakang'ono ndi koyandikana nako, ndipo ambiri amathandizika ndi mafizo osafika pa mpeni. Wanga wopana mtsempha wobwezera magazi ndi wa anthu ochepa, mkabuku mwanga analemba kuti Paget-Schroetter, ndi maina a madokotala awiri akalekale amene anayamba kuufotokoza m'zaka za m'ma 1800, nde mukaona mau amenewo mkabuku kanu dziwani kuti ndi zomwezi. Umakonda achinyamata amphamvu zawo, ku mkono umene amagwiritsa ntchito kwambiri. Wachitatu ndi wosowa kuposa yonse koma ndi woopsa, umapana mtsempha wobweretsa magazi, dzanja silitupa koma limazizira, limatuwa, limatopa msanga, pena nsonga za zala zimachita tizilonda kapena kuda. Kawirikawiri umabwera kwa anthu amene anabadwa ndi kanthiti kapadera pakhosi, kamene kamapezeka mwa munthu mmodzi pa 100 kapena kuchepera apo ndipo ambiri amakalamba nako osadziwa. Ine X-ray inaonetsa kuti ndilibe. Koma dzanja likazizira ndi kutuwa mwadzidzidzi likupweteka, imeneyo ndi ya ola lomwelo, si yodikira kuti kuche kapena malipiro atuluke.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawabe mumtima. Anandiuza kuti kumalo kumene kuli zipangizo amatha kulowetsa kapaipi mu mtsempha nkuthira mankhwala osungunula magazi oundanawo, koma zimagwira bwino mkati mwa masabata awiri oyambirira, akapitirira apo magazi aja amalimba nkumamatirira ku mtsempha. Ine mmene ndinkafika nthawi imeneyo inali itadutsa. Masiku oyambirira aja ndi odula kwambiri, ndipo ndi omwewo amene timathera pa kuthowa ndi bufeni.

Anandiyambitsa majakisoni apamimba kenako warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana. Moyo wa warfarin ndi sukulu payokha abale. Amafuna uziyezetsa magazi pafupipafupi, mayeso ake amati INR, ndipo ine anandiuza kuti nambala izikhala pakati pa 2 ndi 3, ikatsika magazi akhoza kuundananso, ikakwera ukhoza kutaya magazi. Kwa ife akuchigwa kuyezetsako ndi thiransipoti ndithu, ndimachita kusunga ndalama yake padera mwezi ukangotha. Alipo ena monga rivaroxaban osafuna kuyezetsa INR koma mtengo wake ine sindinaukwanitse. Ndimamwa nthawi imodzimodzi madzulo alionse, alamu ili pa foni, ndipo mwana wanga wamkulu akangoimva amathamanga ndi kapu ya madzi.

Za ndiwo ndinasokonezeka poyamba chifukwa anthu ena amati usiyiretu masamba. Si choncho. Masamba obiriwira monga nkhwani, bonongwe, chisoso, mpiru, kholowa ndi chammwamba chija kuno timati sangowa ali ndi vitamini K amene amachepetsa mphamvu ya warfarin, koma anesi anandiuza kuti ndizidya mmene ndimadyera nthawi zonse, vuto limabwera ukadya mphika wonse wa nkhwani sabata ino kenako sabata yamawa makakana okhaokha. Zimene anandiletseratu ndi bufeni, indosidi, diclofenac ndi asipirini ogula pa golosale, mutu ukapweteka ndi panado basi. Bakitirimu ndi fulajilo amakweza INR, mankhwala a TB ena amaitsitsa, ma ARV enanso amasokoneza, nde kulikonse kumene mwapita olo mukudwala malungo chabe yambani ndi kunena kuti ndili pa warfarin. Zitsamba zakumwa ndinasiya zonse, ndipo mphini zija tangoganizani munthu magazi ake sakugwirana msanga nkumutema ndi lezala. Agogo aja ndinakakhala nawo pansi nkuwafotokozera bwinobwino mwaulemu, anamva ndipo mpaka lero amabwera kudzandizonda.

Amayi anzanga ili ndi lanu. Warfarin amaononga mwana m'mimba nde nkhani ya kulera muikambe ndi adokotala tsiku loyamba lomwelo, osachita manyazi. Mapiritsi olera amene ali ndi estrogen amaonjezera mpata woti magazi aundane, ine ndinali pa amenewo ndipo anandisinthira njira ina. Kumwezi nakonso kunasintha, ndimataya magazi ambiri kuposa kale mpaka anandipatsa mapiritsi oonjezera magazi. Mukaona magazi mu mkodzo, chimbudzi chakuda bii, kamfuno kosasiya, kapena mwagwa pa kabaza nkumenyetsa mutu olo musakumva kupweteka, pitani kuchipatala pompo. Chimodzimodzi kubanika mwadzidzidzi, kubaya mchifuwa kapena kutsokomola magazi.

Tsiku ndi tsiku ndaphunzira kukhala ndi mkonowu. Pa bolodi ndimalemba mmunsi, zammwamba amalemba mwana wa mkalasi amene ali ndi dzanja labwino, ahedi anandimvetsa ndipo anandichotsa pa zamasewero. Chingwe choyanikira zovala bambo a kunyumba anachitsitsa kufika pachifuwa. Ndowa sindisenzanso chifukwa kuitukula kufika pamutu ndi kuigwirira ndi kumene kumapana mtsempha kwambiri, tsitsi ndinameta lalifupi, chikwama ndimanyamulira kumanzere, usiku mkono ndimausanjika pa pilo ndipo sindigonera mbali imeneyo. Poyeza BP kapena kutenga magazi ndimapereka mkono wamanzere. Chowawa nchoti kunja umaoneka wabwinobwino, nde ku mjigo ndimamva ndithu akunong'ona kuti aphunzitsi ayamba matama, akutuma ana kutunga madzi. Zinkandiliza. Panopa amene wandifunsa ndimangotsitsa bulauzi paphewa pang'ono nkumuonetsa timitsempha tija, amakhala chete ndipo ena mawa lake amabwera kudzanditungira okha.

Funso limene aliyense amandifunsa, olo mayi anga, ndi loti ngati mankhwala akugwira opaleshoni njachani. Nanenso ndinawafunsa adokotala. Anati mankhwala amaletsa magazi kuundana koma sasuntha fupa, pothina paja pakadali pothina, nde ukasiya mankhwala nkubwerera ku ntchito zako vuto likhoza kubwereranso, ndipo munthu wa zaka za m'ma 30 kumwa warfarin moyo wonse nakonso kuli ndi zoopsa zake. Si aliyense amene amafunika opaleshoni, ena mkono umakhazikika ndi mankhwala okha, koma ine miyezi yadutsa mkono ukutupabe ndikangogwira kantchito ndipo sikani inaonetsa kuti ndikakweza mkono mtsempha umatsekeka. Opaleshoni yake amachotsa nthiti yoyamba ija, amadulako minofu yapakhosi imene imagwira nthitiyo, nkumasula zipsera zozungulira mtsempha kuti upeze malo. Amatha kulowera mkhwapa, pamwamba pa fupa lopingasa kapena mmunsi mwake, zimatengera dokotala ndi vuto lako. Nthiti imeneyo munthu amakhala bwinobwino popanda iyo. Ena pambuyo pake amafunikanso kukuza mtsempha ndi kabaluni ngati wakhalabe wothina.

Madokotala a opaleshoni ya mitsempha ndi ochepa kwathu kuno, nde kudikira kulipo ndipo pamafunika kulimba mtima ndi kumafunsa. Nditapatsidwa tsiku lokaonana nawo ndinalemba mafunso mu kope la sukulu chifukwa ukalowa muja mutu umaima. Ndinafunsa kuti alowera pati, opaleshoni ngati imeneyi anapangapo, chingalakwike nchani, ndikagona masiku angati, warfarin ndisiye liti ndipo ndiyambirenso liti, choko ndidzagwira liti. Ena amaopa kuti kufunsa dokotala ndi mwano, ayi ndithu, thupi ndi lanu ndipo ine anandiyankha zonse modekha mpaka kundijambulira papepala. Sanandibisire zoopsa. Nsonga ya phapo ili pansi penipeni pa nthiti imeneyo nde mpweya ukhoza kulowa mchifuwa, zikatero amaika kapaipi kwa masiku angapo. Mtsempha ukhoza kung'ambika nkutaya magazi. Minyewa ya dzanja, ya phewa ngakhale umene umathandiza kupuma imadutsa pafupi ndipo ikhoza kukhudzidwa, kawirikawiri dzanzi lake limatha koma pena limakhalitsa. Usiku umenewo sindinagone, kunama nkoipa. Bambo a kunyumba anangoti amake mwana, mkono umenewu ndi umene umatidyetsa, tiyeni tipange chimene chingausunge. Tinapemphera, ndipo ndinavomera ndikudziwa chimene ndikuvomera.

Kukonzekera kwenikweni nde kuli pa zinthu zing'onozing'ono. Chachikulu ndi warfarin, ine andiuza kuti ndidzasiye kutatsala masiku 5 nkubwerera pa majakisoni apamimba mpaka pafupi ndi tsikulo, kenako adzayezanso INR asanandilowetse. Chonde zimenezi musatengere kwa ine, aliyense amauzidwa zake, ndipo muwapemphe akulembereni madeti ake mkabuku osati pakamwa pokha. Mapepala onse, zotsatira za sikani, CD ya CT ndi kabuku kakuchipatala ndinaika mu pulasitiki yotseka bwino komanso ndinajambula tsamba lililonse pa foni nkutumizira achemwali anga pa WhatsApp, ife a kuno tinaona ndi namondwe Ana mu 2022 komanso Freddy mu 2023 mmene madzi amatengera mapepala a munthu usiku umodzi. Nchifukwa chakenso ndinapempha kuti ngati nkotheka tsiku langa lisagwe pakati pa dzinja, msewu ukaduka uli pa majakisoni owerengeka zinthu zimavuta.

Malungo ndikuwaopa kwambiri panopa chifukwa ukafika ndi thupi lotentha opaleshoni amaimitsa, nde neti ndikugona nayo olo kutenthe bwanji. Anandiyeza kuchuluka kwa magazi, gulu la magazi, impso ndi shuga, ndipo ndikudya nyemba, chiwindi ndi mazira kuti ndikalowe ndili ndi magazi okwanira. Achimwene anga awiri anapita okha kukapereka magazi ku Malawi Blood Transfusion Service atamva kuti mwina ndingadzafune, anati olo asapite kwa iwe akathandiza wina. Amene mumasuta fodya amati musiye nthawi ikadalipo chifukwa amachedwetsa bala kupola. A mafizo anandiphunzitsiratu kupuma mokoka mpweya wambiri ndi timasewero tapaphewa kuti ndikadzadzuka ndisadzayambe kuphunzira ndili ndi ululu. Usiku wa opaleshoni udzakhala wosadya, ola losiyira chakudya ndi madzi adzandiuza a mankhwala ogonetsa.

Gadiyani ndasankha achemwali anga aakulu, osati chifukwa ndi amene ndimagwirizana nawo kwambiri koma ndi munthu wosaopa kufunsa anesi, amadziwa kuwerenga mayina a mankhwala ndipo ali ndi mphamvu zondidzutsa pabedi. Mchikwama ndaikamo mabulauzi a mabatani kutsogolo chifukwa zovala zolowetsa kumutu sindidzatha, zitenje, kapilo kakang'ono kotsamiritsa mkono mu minibasi, patapata, fulasiki ndi chaja ya foni. Ndalama tinayamba kusonkha kalekale, ina ndinabwereka ku banki mkhonde, aphunzitsi anzanga anasonkha, amayi a kumpingo nawo anabwera ndi kangachepe, takhuta kwambiri. Muwerengere zonse, thiransipoti ya anthu awiri kupita ndi kubwerera kangapo, chakudya cha gadiyani, mankhwala amene angasowe nkufunika kugula ku famase, osangoti za tsiku la opaleshoni lokha.

Anandichenjeza kuti ndikatuluka sindidzanyamula zolemera kwa masabata angapo, olo mwana wanga wamng'ono kumubereka ayi, mafizo adzapitirira ndipo warfarin ndidzamwabe kwa miyezi ina mpaka sikani ionetse kuti magazi akuyenda bwino. Nde ana akakhala kwa apongozi, mdzukulu wawo wina wavomera kudzathandiza kuphika ndi kutunga madzi, kalata ya tchuthi chodwala ndinapereka kale kwa ahedi ndipo kalasi yanga aigawa kwa aphunzitsi awiri. Ineyo sinditsika msanga kuchigwa, ndikakhala kaye kwa alamu anga ku Zingwangwa mpaka bala litapola ndi kuonedwanso ndi adokotala, chifukwa chifuwa chikati chivute usiku kuchokera ku Ngabu nkutali, komanso kutentha kwathu kuno ndi thukuta la mkhwapa sizigwirizana ndi bala latsopano. Sabata yamawa ndikukwera kukayezetsa INR ndi kukatenga majakisoni aja.